Momwe mungamangire bwalo la Praça do Comércio la ku Lisbon mu Minecraft

Kuyambira mu 2020 pali gulu lotchedwa BuildTheEarth lomwe likumanga dziko lonse lapansi mu Minecraft, masewero omanga zinthu ndi mabuloko, buloko imodzi kuyimira mita imodzi. Ine ndidasankha Lisbon, likulu la Portugal, pa bwalo lalikulu la m'mbali mwa mtsinje wa Tejo, ndipo kwa woyamba kumene sindidaonepo malo oposa amenewa.

Choyamba pezani Minecraft ya pakompyuta yotchedwa Java Edition, osati ya pafoni ija. Mtengo wake ndi pafupifupi madola 30. Musanyengeke ndi ogulitsa akaunti zotchipa pa intaneti. Mnzanga adagula imodzi, patangotha sabata ziwiri mwini wake adasintha pasiwedi, ndalama zidapita choncho. Kenako lowani pa Discord (pulogalamu yochezera pa intaneti) ya gululi, adzakulozerani seva.

Chachiwiri, musanaike buloko ngakhale imodzi, dziwani chomwe mukumanga. Pa 1 Novembala 1755 chivomerezi chidagwedeza Lisbon, madzi a m'nyanja adasefukira mumzinda, moto n'kumaliza zotsala. Pamalo pano padali nyumba yachifumu ya Ribeira, n'chifukwa chake eni mzinda amapatchabe Terreiro do Paço. Nduna yomwe pambuyo pake idadziwika kuti Marquês de Pombal idalamula kuti dera lonseli limangidwenso ndi misewu yowongoka ndi nyumba zofanana, pulani yake adajambula Eugénio dos Santos. M'kati mwa makoma adaikamo matabwa opingasa otchedwa gaiola kuti nyumba izigwedezeka osagwa. Kwa inu womanga phindu lake ndi ili: mukalondola khomo limodzi la pakhonde ndi mazenera a pamwamba pake, mwapeza chitsanzo cha mbali yonse.

Chachitatu ndi ngodya, ndipo apa ndi pomwe ndidapsa. Ndidaona bwalo la mbali zinayi, pafupifupi mamita 175 mbali iliyonse, ndiye ndidangotenga ngodya imodzi n'kuyamba kuyala khoma motsatira mizere ya mabuloko. Sabata zitatu ndili pa ntchito, khonde la kumadzulo litatha bwinobwino. Mnzathu wina womanga Rua Augusta, msewu wolowera pabwaloli kuchokera kumpoto, atabwera ndi msewu wake, udadzagunda pakati pa khoma langa. Mtima udandiwawa kwambiri usiku umenewo, chifukwa padalibe chokonza. Ndidagumula zonse.

Nkhani yake ndi yakuti dziko ndi lobulungira, pomwe la Minecraft ndi lathyathyathya. Politambasula, kumpoto kwenikweni sikugwirizana ndi mizere ya m'masewerowa, choncho nyumba zambiri zimakhala chopendekera. Muchite motere: pa Google Maps dinani ngodya ya nyumba, koperani manambala awiri osonyeza malowo, mu Minecraft lembani lamulo la /tpll n'kuwamata, lidzakupititsani pamalo omwewo. Pomwe mwatera ikani buloko ya wool yofiira. Chitani zimenezi pa ngodya iliyonse, ngakhale yooneka yosafunika, kenako lumikizani ndi lamulo la //line la WorldEdit, chida chothandiza kuyala mabuloko ambiri nthawi imodzi. Khoma lidzaoneka la manomano, musadandaule, ndi momwemo.

Chinanso pomwepa: pa zithunzi za kumwamba nyumba zazitali zimaoneka zotsamira mbali imodzi. Tengani ngodya pomwe khoma lakhudza pansi, osati pa denga, apo ayi mudzaphonya ndi mamita angapo. Street View, yomwe imaonetsa nyumba ngati muli pamsewu, imadya bandulo koopsa, ndiye jambulani zithunzi za pasikirini kamodzi muzisunge.

Chachinayi, makoma. Chikasu cha bwaloli ine ndimachipeza ndi yellow terracotta, chifukwa concrete imawala mopitirira. Mizati ndi mafelemu a mazenera, quartz kapena smooth sandstone. Lamulo la //stack, lobwereza zomwe mwamanga motsatizana, limathandiza pa khoma lowongoka lokha. Pa lopendekera muzichita //copy ndi //paste khomo limodzilimodzi, mukusuntha potsatira mzere wofiira uja.

Chipata chachikulu cha Arco da Rua Augusta chisiyeni komalizira. Eni ake adachimaliza patadutsa zaka zoposa 100 chivomerezi chitachitika, ndipo ziboliboli za pamwamba pake zimafuna dzanja lozolowera. Pakati pa bwalo pali chiboliboli cha mfumu José I ili pa hatchi, cha mu 1775. Mabuloko a copper obiriwira amachikhala bwino. Masitepe a Cais das Colunas otsikira mumtsinje, ndi zipilala zake ziwiri, ndi ntchito ya madzulo amodzi. Mukatha tumizani zithunzi ku gulu aziunike.