Momwe mungachepetsere kapena kukulitsa timabowo ta sefa ya polima

Aliyense amene anasefapo ufa akudziwa kuti timabowo ta sefa tikakula, misere imadutsa limodzi ndi ufawo. Sefa za pulasitiki (polima) zosefera madzi, kapena magazi pa makina a dialysis othandiza odwala impso, zimagwira chimodzimodzi, kungoti timabowo take timayezedwa mu micrometer, gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, kapena mu muyeso wochepera apo. Kachilombo ka kolera ndi pafupifupi theka la micrometer m'lifupi, choncho sefa ya timabowo ta micrometer 0.2 imakatsekereza.

Njira ndifotokozeyi anaitchukitsa Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan ku yunivesite ya UCLA ku America cha m'ma 1960. Ndi ya mu labotale, osati kukhitchini.

Choyamba, konzani phala. Sungunulani polima yotchedwa polysulfone m'mankhwala amadzimadzi otchedwa NMP, magalamu 15 mpaka 20 pa magalamu 100 aliwonse a phala lonselo. Phala likalimba timabowo timachepa, likakhala lamadzimadzi timakula. Mukafuna tambiri, thiranimo mankhwala otchedwa PEG kapena PVP pang'ono. Izi zimasungunuka m'madzi, ndiye zikamachoka zimasiya mipata. Valani magolovesi, poti NMP imalowa pakhungu, ndipo mayi woyembekezera asayandikire. Phalalo ligone usiku wonse kuti thovu lithe.

Mawa lake lithireni pagalasi louma bwino, n'kuliyala kamodzi kokha ndi mpeni wake woyalira, wotchera pa ma micrometer 200.

Apa musazengereze. NMP imakoka chinyontho cha mumpweya. Ine tsiku lina m'dzinja ndinayala bwinobwino, foni n'kulira. Pobwerera ndinapeza galasi layamba kale kuyera ngati mkaka, ndipo sefa imene inatuluka inkadutsitsa madzi ngati nsalu ya chitenje. Kuchedwa komweko mukakuchita dala, moyang'ana wotchi, ndi njira yokulitsira timabowo tapamwamba.

Tsopano mizani galasilo m'beseni la madzi. Nkhani yonse yagona pa masekondi oyambawa: madzi amalowa, NMP imatuluka, polima n'kulimba. Kusinthanaku kukachitika mwachangu, pamwamba pamabwera kakhungu kothina, pansi pake mphako zazitali ngati zala. Mukasakaniza NMP m'madzi a m'besenimo zinthu zimayenda pang'onopang'ono, ndipo mkati mwa sefa mumaoneka ngati siponji. Madzi ofunda nawo kawirikawiri amakulitsa timabowo. Langizo langa: sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, n'kulemba. Mukasintha zitatu pakamodzi simudzadziwa chimene chathandiza.

Sefa ikamatuka pagalasi, iviikeni m'madzi ena tsiku lathunthu. Ikakhala ya polima ina yotchedwa cellulose acetate, kuiika m'madzi otentha madigiri 70 mpaka 90 Celsius kumafinya timabowo.

Pomaliza yesani. Nyowetsani sefayo, muipopere mpweya kuchokera pansi, mphamvu ikukwera pang'onopang'ono. Thovu loyamba limatulukira pa bowo lalikulu kuposa onse. Likachedwa kutuluka ndiye kuti timabowo n'tating'ono.

Opanga mankhwala amaitembenuza nzeruyi. Piritsi la nifedipine la mtundu wa OROS, la matenda a BP, limakutidwa ndi cellulose acetate yolola madzi okha kulowa. Madziwo amakankha mankhwala kutulukira pa kabowo koboola ndi laser kwa maola 24. N'chifukwa chake piritsi lotere salitafuna kapena kuliswa pakati.