Mmene mungatsatire ntchito ya wotchinga kumbuyo wosamukasamuka mu hockey ya pa ayezi

Ngati muli ku Nchalo, Ngabu kapena Bangula ndipo mwayamba kuonera hockey ya pa ayezi pafoni, maso anu adzayamba akopeka ndi omwetsa zigoli. Ine ndikukulangizani kuti musankhe wotchinga kumbuyo mmodzi amene wasewerera matimu ambiri, n'kumutsatira, pakuti munthu wotereyu ndi amene adzakuphunzitseni mmene masewerawa amayendera.

Yambani ndi kudziwa malo ake. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 pabwalo: goloboyi, otchinga kumbuyo awiri ndi akutsogolo atatu. Masewera amatenga zigawo zitatu za mphindi 20, ndipo kawirikawiri timu imabwera ndi otchinga 6 amene amalowa awiriawiri mosinthana. Wosamukasamuka nthawi zambiri amakhala m'gulu lachitatu la awiriawiriwo.

Kenako tsegulani tsamba la Elite Prospects kapena HockeyDB, lembani dzina lake, ndipo muwerenge mndandanda wa matimu kuchokera pamwamba, chaka ndi chaka.  Mukaona NHL, dziwani kuti ndi ligi yaikulu ya ku Canada ndi United States, imene inayamba mu 1917 ndipo lero ili ndi matimu 32. AHL ndi ligi yapansi pake, kumene matimu a NHL amasungira osewera awo, ndipo pansi pa AHL pali ECHL. Mukapeza ma ligi awiri m'chaka chimodzi, nthawi zambiri ndiye kuti munthuyo ankakwezedwa wina akavulala, n'kubwezedwa wovulalayo akachira. Ambiri otere amasaina kontrakiti ya malipiro awiri, ochuluka akakhala mu NHL ndi ochepa kwambiri akatsitsidwa. Moyo wake umafanana ndi wa odula nzimbe a panyengo, amene amagwira ntchito ndi mtima wonse chonsecho osadziwa ngati chaka chamawa adzaitanidwanso.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa manambala. Musamuyeze ndi zigoli, chifukwa wotchinga wabwino akhoza kumaliza nyengo yonse ndi zigoli ziwiri zokha. Yang'anani GP, amene ndi masewera omwe wasewera, komanso TOI, imene ndi mphindi zimene wakhala pabwalo, ndipo manambala a mphindiwa amapezeka patsamba la NHL. Mphunzitsi sapereka mphindi kwa munthu amene samukhulupirira. Mukamaonera kanema, siyani kutsata kamphira kakuda kamene osewera amamenya ndi ndodo m'malo mwa mpira ndipo muyang'ane iyeyo: mmene amathamangira chafutambuyo nkhope ili kwa wobwerayo, mmene amagonekera ndodo pa ayezi kuti atseke njira, ndiponso mmene amadziponyera kutsogolo kwa kamphira kolimba kowomberedwa mwamphamvu, makamaka mnzake akatulutsidwa kwa mphindi ziwiri timu n'kutsala yoperewera. Ntchito imeneyi ndi yopweteka, ndipo ndi imene imachititsa kuti timu ina imufunebe.

Sungani masiku awiri. Chakumayambiriro kwa March matimu a NHL amatseka kusinthana osewera, ndipo matimu ofuna chikho cha Stanley, chimene ndi chikho chachikulu cha NHL, amakonda kutenga wotchinga wodziwa ntchito panthawiyi. Pofika pa 1 July makontrakiti ambiri amakhala atatha, ndipo m'pamene mumamva kumene walowera. Akasowa m'ligi za ku America, mufufuzeni ku Ulaya, mu SHL ya ku Sweden, Liiga ya ku Finland, DEL ya ku Germany kapena KHL ya ku Russia imene inayamba mu 2008.

Ngati mukufuna poyambira, werengani mndandanda wa matimu a osewera amene anapuma kale, monga J.J. Daigneault, amene anasewerera matimu 10 a NHL ndipo anatenga chikho ndi Montreal Canadiens mu 1993, kapena Michel Petit amenenso anafika matimu 10. Masewera oyamba 7 koloko madzulo ku Toronto m'miyezi yozizira kumeneko amakhala 2 koloko usiku kwathu kuno, choncho tchajani foni masana ndipo muonere zidule zake m'mawa.