Paipi yanu yachitsulo ili pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi? Iyezeni chonchi isanabooke

Paipi ikabooka pansi ambiri timangoti aaa ndi dzimbiri basi, yakalamba. Koma mukaikumba nkupeza penti ili bwinobwino paliponse kupatula kabowo kamodzi kozungulira ngati wina wachita kuboola dala, dzutsani mutu muone kumwamba. Ngati pali ma pylon, nsanja zachitsulo zonyamula mawaya akuluakulu a magetsi, yambani kukayikira magetsi.

Magetsi ena sabwerera pa waya wake, amasochera m'nthaka, ndiye akapeza paipi yachitsulo amakwera momwemo poti ndi mophweka kuyendamo kuposa dothi. Polowera sipavuta kwenikweni, pamavuta ndi potulukira, chifukwa amatuluka atanyamula chitsulo. Ampere imodzi yokha ya DC, magetsi oyenda mbali imodzi osasintha, ikamatuluka chaka chathunthu imadya chitsulo pafupifupi makilo 9, ndiye taganizani zonsezo zikuchoka pa kamalo kochepa ngati chikhadabo pomwe penti inakalika.

Choyamba dziwani mtundu wa magetsi omwe mwayandikana nawo. DC ndiye wolusa. Laini ya Cahora Bassa, yochoka ku Songo m'chigawo cha Tete kukafika ku Apollo kufupi ndi Johannesburg, makilomita pafupifupi 1,400 pa 533 kV, ndi ya DC, ndipo imodzi mwa malaini ake awiri ikazima magetsi amatha kubwerera kudzera m'nthaka. Sitima zambiri zamagetsi ku Joni nazo zimayendera 3 kV DC. Ngakhale makina owotcherera a DC, mukamangirira waya wa ethi kutali ndi pomwe mukuwotcherera, mwayambitsa zomwezo. Malaini a ESCOM a 66, 132 ndi 400 kV ndi a AC, magetsi osinthasintha mbali yoyendera, iwowa sachita kukhudza paipi, bola paipiyo ingoyenda nawo limodzi mtunda wautali imayamba kukhala ndi magetsi yokha. Kale akatswiri ankati AC siidya chitsulo, mpaka paipi ya gasi ku Germany inapezeka itadyeka mu 1986. Chodabwitsa nchakuti penti ikakhala yapamwamba kwambiri ndi pomwe AC imaluma zedi, poti magetsi onse amapanikizana pa kabowo kamodzi.

Musanagwire chilichonse, ikani multimeter, mita yoyezera magetsi, pa AC muyeze pakati pa paipi ndi kachitsulo kokhomera m'nthaka. Mita ikaonetsa kuposa 15 V paipiyo musaigwire ndi manja, valani magolovesi a labala, ndipo kukamagunda ziphaliwali siyani ntchito mubwere mawa.

Kenako mufunika reference electrode, kandodo ka kopa kokhala m'madzi a copper sulphate. Kaikeni pa dothi lonyowa pamwamba penipeni pa paipi, ngati pauma thirani madzi pang'ono. Waya wofiira ku paipi, wakuda ku electrode, mita pa DC. Paipi yotetezedwa bwino, yomwe amailowetsa dala DC pang'ono kuti isadyeke, imawerenga -0.85 V kapena kutsikirapo, monga -1.0 V. Mukaona -0.6 V ndiye kuti ili pambalambanda. Koma chomwe ine ndimayang'ana kwambiri si nambalayo ayi, ndi kuvina kwake, ikamakwera nkutsika yokha popanda mwagwira kanthu ndiye kuti pali DC yosochera, ndipo malo omwe ikuthawira ku positive ndi pomwe chitsulo chikuchoka. Kuyeza kamodzi masana nkupita kwanu nkudzinamiza, AC pa paipi imatsata katundu yemwe laini yanyamula, ndiye siyani data logger, mita yolemba yokha zomwe ikuyeza, maola 24 igwirenso madzulo pomwe aliyense wayatsa hotplate.

Musataye nthawi kuyeza paliponse mofanana. Pitani pomwe paipi ikuyamba kuyenda ndi laini, pomwe zikusiyana, pomwe zikupingasana, komanso m'madambo ndi m'makande monyowa momwe magetsi amadutsa mosavuta. Malo otere kwirirani kachitsulo koyesera ka 1 cm², mulumikize ku paipi, muyeze AC yodutsamo. Ikaposa 3 mA, komwe ndi 30 A/m², yambani kuda nkhawa. Ikafika 10 mA paipiyo ikudyeka ndithu.

Kukonza kwake ndi kuwapatsa magetsiwo khomo lina lotulukira. Pa AC amakwirira lamba wa zinki motsata paipi nkulumikiza kudzera pa decoupler, kabokosi komwe kamalola AC kupita pansi koma kamatsekereza DC yoteteza paipi ija. Pa DC amaika zidutswa za chitsulo cha magnesium, zotchedwa ma anode, potulukira kuti zidyeke izozo m'malo mwa paipi, kapena waya wobweza magetsi kwawo, wokhala ndi diode, kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, kuti asabwerere ku paipi. Paipi yaitali amaidulanso zigawo ndi majointi osadutsa magetsi. Kumangirira paipi ku ethi ya pylon ndiye musayerekeze, tsiku lomwe laini ichite shoti kapena kuombedwa ndi mphenzi moto wonsewo ulowa mu paipi yanu. Ngati ngalande simunakumbe, italikitseni ndi miyendo ya pylon, ndipo poti muwoloke laini ingopingasani mowongoka, osayenda nayo limodzi.