Masamba akayamba kuyoyoka ku Britain: malangizo kwa mabanja athu

Kwathu, mitengo ya tsamba ndi mombo ikafiira m'mapiri cha mu Seputembala, timadziwa kuti amenewo ndi masamba anthete, mvula sili patali. Kuno ku Britain mtengo ukafiira ndiye kuti ukutsanzika. Masamba amachita chikasu, ena kufiira psuu, kenako n'kuyoyoka onse, ndipo kumbuyo kwake kumabwera mdima ndi chisanu. Eni dziko amaitcha nyengo imeneyi autumn, kuyambira Seputembala mpaka kutha kwa Novembala. Ambiri a ife timadana nayo tisanaidziwe n'komwe. Timatseka zitseko, makatani n'kukoka, moyo n'kungokhala wa kuntchito ndi kunyumba mpaka Malichi. Ine ndinachita zomwezo chaka choyamba, ndipo ana anga anafika pomangokangana pa chilichonse. Chimene ndaphunzira n'chakuti nyengo ino ndi masika a kuno. Mlimi sagona pa masika. Amatuta, amafutsa, amamata nkhokwe, madzulo n'kukhala pamoto ndi ana ake.

Tiyambe ndi dzuwa, poti ndilo likutithawa. Lamlungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi. Kuyambira tsiku limenelo, ku London kumada 5 koloko isanakwane, ndipo pofika Disembala dzuwa limalowa isanafike 4 koloko. Kumpoto, ku Glasgow ndi ku Edinburgh, kumada msanga kuposa apo. Choncho ulendo wokayenda ndi ana musaukonzere madzulo ngati mmene tinkachitira mu Julayi. Nyamukani m'mawa, mukadye nkhomaliro komweko, pobwerera kukadawala. Dziwaninso kuti kusiyana kwa nthawi ndi ku Malawi kumachoka pa ola limodzi kufika pa maola awiri. Mukamaimbira agogo 7 koloko ya kuno, kumudzi ndi 9 koloko, anthu anagona kale. Ana ngati akufuna kupereka moni, aimbe akangoweruka kusukulu.

Kuyenda sikulira ndalama zambiri. Ku England ndi ku Wales kuli tinjira ta anthu oyenda pansi todutsa m'minda ndi m'nkhalango, ndipo lamulo limalola aliyense kudutsamo malinga mukutsata njirayo ndi kutseka geti mukadutsa. Ku Scotland lamulo la mu 2003 linapereka ufulu wokulirapo woyenda m'malo ambiri, bola mwaulemu. Chimene chimatilepheretsa kwenikweni ndi zovala. Mwana avale zovala zopyapyala ziwiri kapena zitatu zosanjikiza, pamwamba jekete losalowa madzi, kumapazi majombo. Juzi limodzi lochindikala limam'chititsa thukuta akamathamanga, kenako amazizidwa. Tengani tiyi mu fulasiki, mbatata yophika kapena zitumbuwa, ndi masokosi ena ouma m'chikwama. Mvula ya kuno nthawi zambiri ndi yowaza ngati chiperoni cha ku Thyolo. Mukati mudikire kuti ikate, mudzafika Epulo musanatuluke.

Kumapeto kwa Okutobala ana amakhala pa tchuthi cha sabata imodzi. Amene muli ku Scotland, tchuthi chanu chimabwera msanga pang'ono, ndipo ndikupempheni kuti tsiku limodzi mupite nawo ku Blantyre wa m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Nyumba imene anabadwiramo ndi malo osungirako mbiri, ndipo mwana wobadwira kuno amadabwa kumva kuti mzinda wa kwawo kwa makolo ake unatenga dzina pa kamudzi kameneka. Amene muli ku London, ku Richmond Park kuli agwape oyenda momasuka. Koma miyezi ino ndi imene amphongo amalimbirana zazikazi, amakhala olusa, ndipo oyang'anira pakiyo amalangiza kuima patali mamita 50. Mwana asathamangire kukajambula pafupi.

Apa ndiye ndikhalitsepo, chifukwa pamakhala ngozi. Ife tinakula tikutola za m'tchire, ndipo diso lathu likaona chodyedwa silipitirira. Mu Seputembala m'mipanda ya minga mumakhala mabulosi akuda otchedwa blackberry. Amenewo tolani, atsukeni bwino, ndi abwino kuphala ngakhale kupanga jamu. Mu Okutobala mumagwa mtedza wa m'mitengo wa mitundu iwiri yofanana kwambiri. Wodyedwa, sweet chestnut, chikhokhombe chake chimakhala ndi minga yambirimbiri yosongoka ngati ya nungu, ndipo m'kati mumakhala njere ziwiri kapena zitatu, mbali imodzi yaphwatalala, kunsonga kuli kamchira. Mukaucheka pang'ono ndi mpeni n'kuuotcha mu uvuni umakoma ngati mbatata yootcha. Musaiwale kuchekako, apo ayi umaphulika. Winayo, amene ana a kuno amaseweretsa n'kumautcha conker, chikhokhombe chake ndi chobiriwira cha minga yotalikirana yofupika, njere yake yobulungira ndi yonyezimira. Ameneyu ndi wa poizoni. Wosewerera basi, osati wa m'kamwa, ndipo mwana wokwawa asausiyidwe pafupi. M'mapaki ena, monga a Royal Parks ku London, kutola zinthu n'koletsedwa, ndiye werengani zikwangwani pachipata.

Koma bowa, abale anga, musiyeni. Ngakhale munali katswiri wozula utale ndi manyame kumudzi, nzeru imeneyo ndi ya nkhalango za kwathu. Kuno pansi pa mitengo ya oak pamamera bowa wotchedwa death cap, wooneka bwinobwino, wosanunkha moipa akadali wanthete. Kuphika sikuchotsa poizoni wake, kuyanika sikuchotsanso. Munthu amadya, n'kukhala maola sikisi kapena kuposa osamva kanthu, kenako kusanza ndi kutsegula m'mimba. Amatha kuoneka ngati wachira, pamene chiwindi chikuwonongeka. Mwana akalawa bowa wa m'tchire imbani 111, nambala ya malangizo a zaumoyo, nthawi yomweyo osadikira zizindikiro, ndipo akayamba kudwala imbani 999, nambala ya zangozi. Chotsalira cha bowayo chitengeni popita kuchipatala. Mtima ukafuna bowa wotendera, wa m'sitolo alipo chaka chonse.

Tibwere m'nyumba. Azaumoyo a kuno amalangiza kuti zipinda zimene mumakhalamo zisazizire kuposa madigiri 18, makamaka ngati muli ndi khanda, okalamba kapena wodwala. Mabilu a gasi ndi magetsi amaluma, ndikudziwa. Koma pali chinthu chimodzi chimene simuyenera kuchita ngakhale zitavuta bwanji: kulowetsa mbaula kapena chootchera nyama cha makala m'nyumba. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha. Nyumba za kuno n'zotsekeka kwambiri, mpweyawo sutuluka, ndipo banja lonse limatha kugona osadzukanso. Khalani ndi alamu ya mpweya umenewu pamodzi ndi ya utsi, muziziyesa podina batani lake.

Mdani wina ndi chinyezi. Kaphikidwe kathu n'ka nthunzi yambiri: nsima, nyemba zowira maola awiri, madzi osamba. Nthunziyo ikagunda khoma lozizira imasanduka madzi, ndipo mukadzuka mumapeza mazenera akuchucha. M'nyumba ya lendi imene tinayambira kukhala, ndinadzasuntha wadirobu mu Januwale n'kupeza khoma lonse lada bii ndi chuku, pomwe mwana wanga wamng'ono ankagona chapafupi n'kumatsokomola usiku uliwonse. Mpaka lero zimandipweteka. Vindikirani miphika, yatsani fani ya kukhitchini pophika, tsegulani zenera kwa mphindi khumi m'mawa uliwonse ngakhale kukuzizira, pukutani mazenera, ndipo mipando ndi mabedi zisagunde khoma. Chuku chikabwerabwerabe, lemberani mwini nyumba uthenga ndi zithunzi, osangomuuza pakamwa.

Za vitamini D musazitenge mopepuka. Kuyambira Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Malichi dzuwa la kuno silikwanira kuti khungu lipange vitaminiyu. A NHS, omwe ndi azaumoyo a boma kuno, amalangiza ma microgram 10 patsiku m'miyezi imeneyi, ndipo kwa ife akhungu lakuda amati ndi bwino kuganizira zomwa chaka chonse. Funsani ku famase za mlingo wa ana.

Kukhitchini nyengo ino ndi yathu. Masabata a Halloween isanafike pa 31 Okutobala, maungu amadzaza m'masitolo, ndipo ambiri amangowasema nkhope n'kuwataya. Aakulu osemawo ndi amadzimadzi, amayenera supu. Pofuna futali gulani ang'onoang'ono olimba kapena butternut, muphike ndi nsinjiro kapena chiponde chopanda shuga. Nthanga zake kazingani ndi mchere pang'ono. Masamba otchedwa kale m'Chingerezi amalowa bwino m'malo mwa lepu, ndipo akamenyedwa ndi chisanu amakoma koposa. Ngati nyemba zofiira mukuziphikira mu slow cooker, mphika wamagetsi wophika pang'onopang'ono, yambani mwaziviika, n'kuziwiritsa mwamphamvu pamoto kwa mphindi zosachepera khumi. Moto wochepa suthetsa poizoni wa mu nyemba zimenezi, umene umapweteketsa m'mimba.

Mdima wofulumirawu uli ndi mphatso yake. Kumudzi nthano zinkakambidwa usiku, ntchito ya kumunda itatha, ndipo kuno usikuwo wabwera wokha pakhomo 5 koloko. Sankhani tsiku limodzi pasabata, mwina Lachisanu kwa amene mashifiti akulolani, mafoni aikidwe m'mbale patebulo, TV izimitsidwe. Kazingani mtedza, ana akhale pansi ndi bulangete limodzi. Yambani ndi chilape, iwo aphunzire kuyankha kuti nachize. Kenako padangokhala, iwo tili tonse. Poyamba adzaseka, ena adzayankha m'Chingerezi. Musawakalipire. Bwerezani nthano yomweyo ya Kalulu sabata yotsatira, pofika pa nyimbo muime pang'ono, muone ngati sayamba okha. Bawo naye amatheka popanda thabwa: mathireyi a mazira ndi nyemba zouma zikwanira kuphunzitsira kutapa ndi kufesa.

Pa 5 Novembala kumakhala makombola a moto pokumbukira chiwembu cha mu 1605 chofuna kuphulitsa nyumba ya malamulo. Pitani ku zionetsero zokonzedwa ndi khonsolo kapena sukulu m'malo mophulitsa nokha kuseri kwa nyumba. Khanda livale zotseka m'makutu, ndipo ana onse akhale ndi chovala chonyezimira kapena tochi, poti pobwerera misewu imakhala ya mdima ndipo masamba onyowa amaterera ngati therere.