Mbewa ya m'madzi ya ku Britain: tiifufuze ndi maso, khasu lisiyeni

Abale amene mukugwira ntchito m'mafamu ku Britain kapena mumadzipereka kusamalira mitsinje, timvane za kanyama kotchedwa water vole. Kamaoneka ngati khoswe, koma nkhope ndi yobulungira, makutu obisika mu ubweya, mchira wofupikirapo. Kwathu tikanati ndiwo yapezeka. Kuno ayi: ku England ndi Wales lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limakateteza, ndipo kukapha kapena kugumula una wake ndi mlandu.

Kukaona ndi mwayi. Nthawi zambiri mumangomva chubwi! m'madzi, kapita. Choncho timawerenga zizindikiro. Bungwe la People's Trust for Endangered Species limapempha anthu kuyendera mamita 500 a gombe limodzi pakati pa 15 Epulo ndi 15 Juni nkulemba zizindikiro zimene apeza.

Yendani pang'onopang'ono, mukupatula udzu ndi ndodo. Chachikulu ndi ndowe. Za mbewayi ndi zotalika mamilimita 8 mpaka 12, zobulungira mbali zonse, zobiriwira mukaziphwanya, zosanunkha, ndipo zimakhala mulu pamalo amodzi, zina zitapondedwapondedwa. Za khoswe zimasongoka ndipo fungo lake simuchita kufunsa. Apa ndiye ambiri amalakwa, nkuthira poizoni pamalo osayenera. Yang'ananinso timapesi ta udzu todulidwa mopendekera ngati phesi losongola ndi mpeni, titaunjikidwa m'mphepete mwa madzi, komanso mauna otambalala masentimita 4 mpaka 8 okhala ndi udzu womwetedwa pakhomo. Una wokha si umboni, ungakhale wakalekale. Ngati simunapeze kanthu, lembanibe zimenezo.

Mdani wamkulu ndi mink wa ku America, chilombo chaching'ono chodya tinyama tinzake, amene anathawa m'mafamu oweta nyama za ubweya. Wamkazi ndi wochepa thupi moti amalowa mu una nkumaliza banja lonse. Kuti mudziwe ngati alipo, yandamitsani thabwa lokhala ndi kamphanga kopakidwa dongo lonyowa pansi. Akadutsa amasiya mapazi. Zotchera misampha siyirani ophunzitsidwa.

Gombe nalo lisakhale mbee. Mangani mpanda ng'ombe zisapondereze mauna, ndipo pomweta udzu mwetani tsidya limodzi chaka chino, linalo chaka chamawa.