Mmene ndinasiyira kuluza pa matebulo a poker a ndalama zochepa

Miyezi itatu yathunthu ndimangoluza pa matebulo a $0.01/$0.02, chonsecho GTO (njira yosewerera poker motsatira masamu) ndimaiwerenga mpaka pakati pa usiku. Vuto linali pa bluff, kubetcha ulibe makhadi abwino n'cholinga choti mnzako afolde (asiye makhadi ake). Ndikabetcha pa river (khadi lomaliza la pa tebulo likatuluka) ndilibe kanthu, munthu amangoti call (kulipira bet yanga) ndi peya (makhadi awiri ofanana) yaing'ono, pena ace yekha basi, ine mtima kuwawa.

Ndinayesa kukulitsa bet, amalipirabe. Kusintha tebulo, chimodzimodzi.

Kenako ndinatenga kope ndi bolopeni nkumalemba makhadi amene aliyense waonetsa pa showdown (pomwe otsala amaonetsana makhadi kumapeto). Sabata imodzi yokha ndinaona kuti anthuwa safolda. Bluff yofanana ndi pot yonse (ndalama zonse zimene zili pakati) imafuna kuti mnzako afolde theka la nthawi kuti usaluze, ndiye kwa anthu otere ndinaisiyiratu.

Koma chomwe chinasintha zinthu kwenikweni ndi ichi, ndikakhala ndi top pair (khadi langa likufanana ndi khadi lalikulu kwambiri pa tebulo) ndi kicker (khadi langa linalo) yabwino ndimabetcha flop (makhadi atatu oyamba a pa tebulo), turn (khadi lachinayi) mpaka river, cha m'ma 75% a pot, osachita check (kudutsa osabetcha) chifukwa cha mantha ayi, pakuti amalipira ndi makhadi ofooka kuposa anga, ndalama ili pamenepo. Ndipo munthu wongoti call call uja akangokweza bet pa river ndimafolda olo ndili ndi mapeya awiri, ameneyo sakweza chimanjamanja.