Momwe mungasankhire cholozera, tochi ndi lamba wa shotgun yolondera

Mlonda wa pafamu ya mbatatesi ku Bembeke kapena wa pasitolo yaikulu pa Lizulu saifuna mfuti masana dzuwa likuswa mtengo. Amaifuna usiku, magetsi atazima, mwina chifunga cha ku Dedza chitakuta khola lonse. Choncho funso loyamba posankha zomanga pa shotgun, mfuti yomwaza njere zamtovu, si loti muona patali bwanji, koma loti mumuzindikira amene waima patsogolo panuyo. Ambiri amathira ndalama pagalasi lolozera lokwera mtengo pamene mfutiyo ilibe tochi ndipo thako lake ndi lalitali kuposa mkono wa mwini wake.

Malangizowa ndi a anthu ndi makampani okhala ndi chiphaso cha mfuti chochokera kupolisi motsatira lamulo la Firearms Act. Musanaitanitse chida chilichonse kuchokera ku South Africa kapena kwina, funsani kaye apolisi oona za mfuti ngati chikufunika chilolezo, kuopa kuti katundu wanu angagwidwe pachipata cha Dedza. Mfuti ikakhala ya kampani, mlonda asamangepo kanthu woyang'anira zida asanavomere. Zodula mpope ndi sowo musaziganize n'komwe.

Choyamba: idziweni mfuti yanu

Chotsani zipolopolo zonse, muyang'ane ndi maso ndi kupisamo chala polowera chipolopolo ndiponso muchubu chosungiramo zipolopolo, kenako zipolopolozo mukaziike m'chipinda china. Werengani zolembedwa pampope. Pakalembedwa 12/70, mfutiyo ndi ya 12 gauge (muyeso wa kukula kwa bowo la mpope) yolandira zipolopolo zotalika mamilimita 70. Pakalembedwa 12/76, imalandira za 76 ndi za 70 zomwe. Chipolopolo cha 76 chimatha kulowa mumfuti ya 70 chifukwa muyesowo ndi wa chipolopolo chitaphulika n'kutambasuka. Chikawombedwa mmenemo, pakamwa pake pamasowa malo otsegukira, mphamvu imachuluka mkati ndipo mpope ungathe kuwonongeka.

Yang'ananinso pamwamba pa thupi la mfuti ngati pali timabowo tinayi totsekedwa ndi timasikulu. Mfuti za Mossberg 500 ndi 590 zatsopano zimabwera nato, pamene Remington 870 zambiri zakale zilibe. Popanda timabowoti simungamange kanjanji ka Picatinny, komangirapo cholozera, pokhapokha katswiri wa mfuti atabowola, ndipo imeneyi si ntchito ya wowotcherera zitsulo wa pamsika. Zida za Remington sizilowa pa Mossberg. Za mfuti zochokera ku Turkey, monga Hatsan Escort, zimafuna kuyeza ndithu ngakhale wogulitsa atalumbira kuti zikwana. Mfuti zakale za mpope umodzi, zonga za Greener ndi Baikal, zilibe pomangira zambiri. Lamba ndi kamkanda kabwino kolozera ka kunsonga kwa mpope zikwanira.

Chachiwiri: thako likwane paphewa

Yezani kuchokera pakachitsulo kowombera kufika pakati pa mphira wa kuthako. Mfuti zambiri zimachoka kufakitale ndi masentimita pafupifupi 36, muyeso woyenera mlenje wamtali wovala malaya okha. Mlonda wa ku Tsangano mu Juni amavala juzi ndi jekete pamwamba, ndipo zovalazo zimawonjezera utali. Kwa anthu ambiri masentimita 32 kapena 33 ndi okwanira.

Thako likatalika, limakodwa m'khwapa pokweza mfuti, dzanja lakutsogolo limalephera kukoka pampu (chogwirira chakutsogolo chotulutsa ndi kulowetsa zipolopolo) mpaka kumapeto, ndipo chipolopolo chowombedwa chimakanirira kapena chatsopano sichilowa. Vuto limeneli ambiri amalinamizira mfuti. Valani zovala zanu za kuntchito, tsinzinani, kwezani mfuti yopanda zipolopolo paphewa, tsaya ligunde thako, kenako tsegulani maso. Diso likhale molunjika pamwamba pa mpope, ndipo pakati pa mphuno ndi chala chachikulu pakhale mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Pali mathako, monga Magpul SGA, amene amafupikitsidwa pochotsa timagawo. Chogwirira chonga cha kamfuti ka m'manja (pistol) chopanda thako chimaoneka bwino pachithunzi pokha. Simungachalire nacho bwino, ndipo pa Mossberg chimatalikitsa chala ndi loko wa mfuti amene ali pamwamba.

Chachitatu: tochi

Pano ndi pofunika kutaya ndalama mosaumira. Woyenda usiku pafupi ndi khola akhoza kukhala wakuba ng'ombe, koma akhozanso kukhala mwana wa mnansi wosaka mbuzi yosochera kapena woledzera wochokera kumowa. Wowombera chimthunzi amayankha yekha kukhoti.

Tochi yomanga pamfuti ikhale yopangidwira mfuti. Ya pamsika imazima ikangomva kugunda, chifukwa mabatire ake amakhala pakasipuling'i kofewa: mfuti ikakankha, batire limadumpha n'kusiya kukhudza chitsulo. Kuimanga ndi mphira wa chubu cha njinga n'kungodzinamiza, imatembenuka n'kumawalira kumbali. Sankhani yowala ma lumen (muyeso wa kuwala) apakati pa 500 ndi 1,000, yokhala ndi batani loti iyake mukadina ndi kuzima mukasiya. Yokhala ndi mayatsidwe asanu, kuphatikizapo kuphethira, imasokoneza munthu mtima ukamagunda.

Njira zomangira ndi ziwiri. Yoyamba ndi chogwirira chakutsogolo chokhala ndi tochi mkati, monga za SureFire ndi Streamlight. Batani limayenda limodzi ndi dzanja pokoka pampu, n'chifukwa chake njirayi ndi yabwino koposa ngakhale ndi yodula. Yachiwiri ndi kachomangira kogwira chubu cha zipolopolo kapena mpope. Apa samalani ziwiri: musamangitse kwambiri chifukwa chubu chikafinyika zipolopolo zimakanirira mkati, ndipo kokani pampu kangapo kuti muone ngati chala chachikulu sichikugunda tochi. Waya wopita kubatani lakutali amakodwa m'tchire ndi pazitseko, ndi bwino kumupewa.

Mabatire a lithium a CR123A amapirira kuzizira ndipo amakhalitsa, koma simuwapeza pagolosale iliyonse ku Ntcheu boma. Gulani ochuluka mukapita ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Ochajidwa a 18650 ndi abwino ngati tochiyo inapangidwira amenewo. Dziwaninso kuti m'chifunga, kuwala kwambiri kumabwerera m'maso mwanu ngati mmene zimachitira nyali za galimoto pamsewu wa M1 m'mawa wa Julayi. Muyese tochiyo usiku wa chifunga, osati m'sitolo.

Tochi ya pamfuti si yofunira makiyi kapena kuunikira aliyense wodutsa, pakuti kumene yawalira ndi kumene kwaloza mpope. Yendani ndi tochi ina ya m'manja.

Chachinayi: cholozera

Pali bodza lofala loti shotgun siifuna kuchalira, njere zake zimadzaza chipinda. Chipolopolo wamba cha 00 buckshot cha mamilimita 70 chimakhala ndi njere 9 zamtovu, iliyonse yaikulu mamilimita 8 ndi pang'ono. Pampope wosapanikizidwa kukamwa, njerezi zimamwazika pafupifupi masentimita 2.5 pa mita iliyonse: pamamita 5 zimakwana pachikhatho, pamamita 10 zimakwana m'mbale ya nsima, pamamita 20 zafika theka la mita ndipo zina zayamba kuphonya. Njere yophonya imapitabe kwina.

Kamkanda ka kunsonga kwa mpope ndiko cholozera chofulumira ndi chosavuta kusamala. Pantchito ya pabwalo la nyumba kapena m'nyumba yosungiramo katundu, mamita 15 kapena kucheperapo, kamakwanira. Vuto lake n'lakuti kumbuyo kulibe chofananitsira, ndiye tsaya likachoka pathako mumawombera m'mwamba. Kamkanda komatidwa pampope penipeni, kopanda kampando kokakweza, kamachititsanso mfuti zina kumenya pamwamba pa chandamale. Ka fibre optic, kaulusi kokoka kuwala, kamawala bwino masana koma mumdima n'kakufa, ndiponso kamathyoka msanga. Ka tritium kamadziwalira kokha usiku, kuwala kwake n'kumatsika ndi theka pazaka 12 zilizonse, kotero kogula kwa wina funsani chaka chimene kanapangidwa.

Ghost ring ndi kamphete kakang'ono kumbuyo ndi kachitsulo koimirira kutsogolo. Mumayang'ana kupyola m'kamphete, diso n'kukhazikika pakachitsulo ka kutsogolo. Ichi n'choyenera amene amagwiritsanso slug, chipolopolo cha mtovu umodzi wolemera magalamu 28, pamtunda wa mamita 50 monga m'minda yotambalala ya m'chigwa cha Bwanje. Sichifuna batire, ndipo chokhala ndi makutu achitsulo m'mbali chimapirira kugundidwa m'galimoto yolondera.

Red dot, galasi loonetsa kadontho kofiira, imathandiza kwambiri amene maso ayamba kufooka, chifukwa mumayang'ana chandamale ndi maso onse awiri. Koma shotgun imagwedeza mwamphamvu, ndipo ma red dot otchipa opangidwira mfuti za mpweya amafa kapena kusuntha pakangowombedwa zipolopolo zochepa. Ngati thumba silikufika pa ya kampani yodziwika, monga Aimpoint, Trijicon kapena Holosun, khalani ndi kamkanda. Mukagula, imangeni motsika. Ikakwera, tsaya limalendewera m'malere ndipo mudzafunika chokwezera pathako. Pukutani mafuta pamasikulu, pakani kadontho ka guluu womangira masikulu wa Loctite yabuluu, osati yofiira, mangani mofika pamuyeso wa wopanga, ndipo lembani kamzere ka penti podutsa pamutu wa sikulu kuti ikamasuka muone. Thupi la Mossberg ndi la aluminiyamu, mazinga ake amaphweka mukakakamiza. Sikulu yotalika imatulukira mkati n'kugwira chitsulo choyenda. Batire la red dot, kawirikawiri CR2032, lisinthidwe tsiku limodzi lodziwika chaka chilichonse. M'nyengo ya mvula galasi limagwira nthunzi, m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala limadzaza fumbi, choncho kansalu kofewa kazikhala m'thumba.

Chachisanu: lamba ndi zipolopolo zapadera

Lamba wogwira malo awiri, kutsogolo ndi kuthako, wosavuta kufupikitsa, ndi wokwanira. Amakupatsani manja otsegulira geti kapena kuimba foni popanda kutsamiritsa mfuti pakhoma. Onetsetsani kuti sakulowa pansi pa pampu. Lamba wokhala ndi timatumba ta zipolopolo amalendewera ndi kukoka mpope uku ndi uku.

Chosungira zipolopolo cha pambali pa thupi la mfuti chikhale cha zinayi. Zisanu ndi chimodzi zimawonjezera kulemera kopitirira kotala la kilogalamu mbali imodzi. Chomangidwa ndi masikulu opyola m'thupi chimafinya mfuti mukamangitsa, pampu n'kuyamba kulimba. Zikatero masulani pang'ono. Cha lasitiki chikatha mphamvu chimagwetsa zipolopolo, makamaka zoikidwa mbali yake yamkuwa ili pansi. Chubu chowonjezera zipolopolo chimalemetsa kutsogolo ndipo chimafuna sipuling'i yatsopano yaitali. Pa Mossberg 500 sichimangika n'komwe, chifukwa mpope umagwirira kunsonga kwa chubu.

Chomaliza: yesani pakatoni

Pitani pamalo ovomerezeka owomberapo, okhala ndi chimulu chadothi kumbuyo, mutavala zoteteza makutu ndi maso. Imikani makatoni a mita imodzi mbali zonse, pakati mujambule kadontho. Ndi zipolopolo zomwe mumalondera nazo, womberani kamodzi pakatoni iliyonse pamamita 5, 10, 15 ndi 20, n'kubwereza katatu pamtunda uliwonse. Zungulizani mabowo, werengani ngati akwana (9 pa 00 buckshot wamba), ndipo yezani kutambalala kwake. Mtunda umene njere yayamba kutuluka kunja kwa bwalo la masentimita 30 ndiwo malire a mfuti yanu ndi chipolopolo chimenecho. Mukasintha mtundu wa zipolopolo, yambiraninso.

Ngati pakati pa mabowo sipakugwa pakadontho, sunthirani kamphete ka kumbuyo ka ghost ring mbali imene mukufuna kuti njere zipite. Pa red dot tsatirani mivi ya pazopotera, podziwa kuti MOA imodzi, muyeso wa pazopoterazo, ndi mamilimita 7 okha pamamita 25, ndiye mudzapota kangapo musanaone kusintha. Mukatha, gwedezani chida chilichonse ndi dzanja, yang'anani timizere ta penti, yatsani tochi, kenako chotsani lamba ndi kupukuta pansi pa zomangira zonse ndi kansalu ka mafuta, pakuti chinyezi cha ku Dedza chimayambitsa dzimbiri pamalo obisika amenewo.